Malovu a Achimwene

Lolemba, 6 Okutobala

Ndikulemba kuti ndisaiwale zomwe akundichita, chifukwa pano amakubaya okha kenako n'kubwera kudzakufunsa kuti anakubaya chiyani.

Ndalowa dzulo masana. Ndimawotcherera chitseko cha khola la nkhosa kwa mnansi, mutu unangozungulira, podzidzimuka ndili pansi, chigoba cha kumaso chili uko. Nurgazi, mwana wanga, ndiye anandibweretsa kuno kutauni. Chimbudzi chinayamba kuda ngati phula sabata yatha koma sindinauze munthu. Mwamuna wa zaka 61 sayenda n'kumalengeza za chimbudzi chake.

Magazi akuti atsika kufika pa 7, pomwe amafunika 13. Andiika mapaketi awiri a magazi. Diripi dzanja lamanzere, jakisoni wochepetsa asidi m'mimba m'mawa ndi madzulo. Kudya ayi, kumwa ayi. Namwino dzina lake Meerim, dzanja lake ndi lopepuka koma pakamwa ndi polemera.

Bedi langa ndi la pazenera. Pa linalo pali a Mamirbek, ankayendetsa malole, anawachotsa ndulu. Moni wawo unali wakuti: "Iwe wowotcherera, ukafa zenera ndi langa." Ndinawauza kuti ndikafa ndipita nalo, kuzula mafelemu ndi ntchito yanga.

Loweruka kunyumba kuli phwando. Mdzukulu wanga Ilgiz, mwana woyamba wa Nurgazi, wakwana masiku makumi anayi, tikumugoneka m'kabedi kamatabwa komwe tonse tinagonamo. Ndauza dokotala kuti Lachisanu ndikutuluka.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Andimezetsa paipi ya kamera. Amene anaganiza chinthu chimenechi ankadana ndi anthu. Dokotala ndi mtsikana, Saltanat, msinkhu wa mpongozi wanga. Wapeza chilonda pomwe chifu chimathera, wachitsina ndi kachitsulo kuti magazi aleke. Si khansa, wanena yekha ndisanafunse. Wadulako kanyama n'kukaika m'kambale ka mankhwala achikasu, mankhwalawo n'kufiira. Akuti ndiye kuti muli kachilombo. Ndamuuza alembe dzina pa dzanja langa: helikobakita.

Masana wabwera ndi mafunso.

"Bambo Turdakun, muli mwana munkagona angati m'nyumba?"

"Anthu naini, chipinda chimodzi, mbaula pakati."

"Madzi akumwa?"

"A mu ngalande."

"Yodutsa kuti?"

"Kuseri kwa makola. Kodi ngalande imasankha podutsa?"

"Mbale?"

"Imodzi. Sitinali hotela ife."

"Pabanja panu alipo anavutika ndi m'mimba?"

Ndinati bambo anamwalira akusanza zakuda. Mlongo wanga Burul chimodzimodzi, ali ndi zaka makumi asanu. Anafunsa za mapilisi a ululu. Ndinavomera, diclofenac, wa bondo, m'mawa uliwonse ndisanadye. Fodya woika kunsi kwa lilime ndinavomeranso. Apa mtima unakwera. Ndinati mwana iwe, nena poyera kuti kwathu ndife auve, ine ndimakonda munthu wolankhula mosazungulira.

Sanachite mantha. Anati nayenso anakula ndi madzi a mu ngalande, ndipo kuno anthu ochuluka ali nako kachilomboka, ambiri sadwala n'komwe. Akuti kamalowa makamaka munthu ali mwana, kudzera m'madzi, m'manja osasamba, m'nyumba yothithikana, n'kukhala phee zaka zambirimbiri. Mapilisi a ululu ndi fodya ndi zomwe zimakathandiza kuboola. Kenako anawonjezera: "Ndi malovu. Supuni yonyambita, kutafunira mwana buledi, zoterozo."

Pomwepo ndinakumbukira za Loweruka.

Loweruka pa phwando, mwana asanagonekedwe, achimwene anga a Jumakadir adzamulavulira m'kamwa, kuti atenge lilime lawo. Ndi anthu a zaka 74, m'chigwa chonse palibe wolankhula ngati iwo, milandu ya malo odyetsera ziweto ndi ya maukwati imathera pakamwa pawo. Iwonso analavuliridwa ndi malume athu ali khanda. Ndipo ndine ndemwe amene ndinapita kukawapempha mwezi watha, nditanyamula chipewa choyera ndi mkanjo watsopano, pamaso pa anthu.

Ndinamufotokozera dokotala. Anati: "Sindinganame kuti malovu a tsiku limodzi adwalitsa mwana ndithu. Sindikudziwa. Koma akanakhala wanga sindikanalola. Achimwene anuwo m'mimba mwawo muli bwanji?"

Muli bwanji! Munthu woyenda ndi kachitini ka soda m'thumba, akadya nyama n'kunyambita supuni yonse ya soda, n'kugeya ngati ng'ombe. Tinadya mbale imodzi mpaka iwo kukwatira.

Lachitatu, 8 Okutobala

Magazi 9. Andilola madzi ndi phala lamadzimadzi lopanda mchere. Mapilisi ayamba, akuti sabata ziwiri osadumpha: omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin, m'mawa ndi madzulo, kuphatikiza ena a bismuth omwe akuti adetsa lilime ndi chimbudzi, ndisadabwe. M'kamwa mukumveka ngati ndayamwa msomali. Diclofenac akuti ndimuiwale mpaka kumanda. Akuti onse a m'nyumba mwanga akayezedwe.

Mkazi wanga Ainakan wabwera ndi minibasi ya m'mawa, atanyamula msuzi wa nkhosa m'botolo ndi timandasi ta phwando. Meerim walanda zonse. A Mamirbek atsala pang'ono kulira.

Ndinati mayi a Nurgazi, khalani pansi, za malovu zija zisachitike.

"Zisachitike bwanji?"

"Mukawauze achimwene kuti tasintha."

"Ine? Ndikaime pamaso pa alamu anga aakulu n'kuwauza kuti malovu awo ndi oipa? Munapita nokha kukawaveka chipewa. Pitani nokha mukawavule."

"Ndipite bwanji ndi diripi?"

"Ndiye mugone. Nurgazi ndinkamutafunira nyama ine, si uyo ali ngati ngamila? Kamtsikana kakuuzani mawu awiri basi mwagwedezeka."

"Bambo anga anafa ndi chiyani? Burul anafa ndi chiyani?"

"Ndi tsiku lawo. Musakuwe, anthu akumva. Bambo anu sanalakwe kukudyetsani makutu."

A Mamirbek anaseka mpaka kugwira pabala. Anafunsa kuti makutu angati. Ndinawauza zoona. Pa phwando lililonse bambo akalandira mutu wa nkhosa, ankadula khutu n'kupatsa mwana kuti azimvera akulu, monga amachitira aliyense. Koma kwathu ana tinali asanu ndi awiri ndipo khutu linkabwera kwa ine ndekha. Chaka china anandipatsa onse awiri.

Madzulo ndamuimbira Nurgazi. Anayamba kuchita chibwibwi, kenako n'kuulula. Akuti mkazi wake Aizirek analira tsiku lomwe ndinalengeza za malovu. Ankadziwa za tizilombo timeneti, mkulu wake anadwalapo. Nurgazi anamuuza akhale chete, mpongozi angatsutse bwanji apongozi ake? Ndiye mwezi wonse mtsikana ankandithirira tiyi, maso pansi, akudziwa.

Ndinati ndiwe bambo wa mwanayo, pita ukakane. Anati: "Bambo, ine ndi bambo aakulu? Akangondiyang'ana ndimavomera zilizonse." Ndinamutchula dzina lomwe sindilemba pano.

Foni achimwene alibe, amati munthu wofuna mawu awo abwere awone nkhope. Koma Nurgazi akuti achimwenewo mawa akubwera kudzandiona.

Lachinayi, 9 Okutobala, m'mawa

Magazi 9.4. Mapilisi ndamwa. Nseru.

A Mamirbek akhala akundiphunzitsa kulankhula. Akuti: "Iwe vuto lako umayamba ndi nyundo. Yamba ndi ziweto. Ufunse za akavalo, za udzu, za mawondo. Kenako unene kuti dokotala ndiye wolakwa, iwe ukungomvera. Umukankhire mtsikanayo mlandu wonse, achimwene akowo samudziwa." Ndayeserera pa iwo kawiri. Ulendo wachiwiri ndafika mpaka pa udzu ndisanakwiye.

Ndikuopa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachisanu, 10 Okutobala

Magazi 7.6. Paipi kachiwiri dzulo. Paketi ina ya magazi. Mapilisi aima kaye, zonse za mu diripi. Loweruka sindipita.

Lachisanu, madzulo

Mphamvu zabwerako pang'ono. Ndilembe za dzulo zisanasokonekere.

Achimwene anafika masana, atavala chipewa chija ndi mkanjo uja. Ngakhale Meerim anawapatsa mpando. Ananyamula mkaka wa kavalo wosasa m'chigubu, wotsiriza wa chaka chino. Anatulutsa mbale yawo yamtengo, kuthira, kumwako, n'kundipatsa ine.

"Imwa, Turdakun. Mimba ya kwathu mankhwala ake ndi awa."

Ndinati andiletsa. Anakweza nsidze n'kupatsa a Mamirbek. Nkhalamba yopanda manyazi ija inamwa.

Ndinayamba ndi akavalo monga tinapangana. Ndinafunsa za udzu. Anayankha bwino. Ali mkati moyankha anapisa m'thumba, kutulutsa kachitini kaja, kunyambita soda, kugeya, n'kupukuta ndevu. Kenako anati: "Mawu a Loweruka ndakonza kale. Mwana ameneyo adzalankhula pamaso pa nduna."

Zonse za a Mamirbek zinauluka.

"Achimwene, mwanayo musamulavulire."

"Wati bwanji?"

"Muli ndi kachilombo m'mimba. Komwe ndili nako ine. Kamayenda m'malovu."

"Wandiyeza ndiwe?"

"Sodayo mumadyeranji? Ndi shuga?"

"Malume anandilavulira ine, ndili ndi zaka 74, ndimakwera kavalo ndekha. Iwe sanakulavulire, ndiwe wagona apa."

"Malume anafa ndi chiyani? Sanauma ngati nkhuni, osameza ngakhale tiyi?"

Anaimirira pang'onopang'ono. Anati: "Unabwera kwanga wekha. Unandiveka pamaso pa anthu. Mudzi wonse ukudziwa. Lero ukufuna ndikakhale pa phwando ngati mlendo wodzadya, anthu azinong'onezana kuti mkulu uja mng'ono wake wamukana?"

Apa ndikanatha kupepesa. Ndikanatha kunena za dokotala. M'malo mwake ndinadzuka pabedi ndi diripi yanga yomwe, n'kukuwa kuti pakamwa panu ndi powola, achimwene, mawu okoma akutuluka pa dzenje lowola, ndipo mdzukulu wanga simumuthira zowola zanuzo. A m'zipinda zina anasuzumira pakhomo.

Nkhope yawo inachita ngati mwala.

Ndiyeno m'mimba munatembenuka. Ndinamva kutentha kukukwera, n'kusanza. Zakuda, ngati matope a mu ngalande, ndi zofiira pamwamba. A Mamirbek ankaitana Meerim. Amene anatola beseni pansi pa bedi ndi achimwene. Anagwada, dzanja limodzi beseni, linalo atandigwira pachipumi. Mkono wa mkanjo watsopano unadetsedwa. Ndikukumbuka kuti ndinawayang'ana, iwo osayang'ana ine, akuyang'ana m'besenimo. Bambo akudwala, wogwira beseni anali iwowo, ine ndinali wamng'ono, ankanditulutsa panja.

Pondibweza kuchokera ku paipi anali atapita. Mbale yawo yamtengo anaiwala pazenera.

Dokotala akuti kachitsulo kaja kanasuntha. Wabaya mankhwala mozungulira chilonda n'kuchiwotcha. Ndinati ndiye kuti ntchito yathu ndi imodzi, koma ine zomwe ndawotcherera sizimasuka pa masiku awiri. Anati zitseko zanu sizidzuka n'kumakalipira abale awo. Ndamusiya, wapambana.

Ainakan waimba. Akuti achimwene atatsika minibasi anangonena mawu amodzi kwa Nurgazi: "Ndinapemphedwa, ndibwera." Akuti nkhani yafika kale m'mudzi, mkazi wina wa kwathu anali m'wodi ya akazi. Akuti ndachititsa manyazi nyumba yonse, ndipo tsopano achimwene akapanda kulavula ndiye kuti avomera kuti ndi owola. "Mwawatsekera njira nokha, bambo a Nurgazi. Mukanakhala chete mwina tikanapeza nzeru."

Akunena zoona. Chimenecho ndiye chikundipweteka.

Ndapempha dokotala andilole maola ochepa mawa, ndipite ndi galimoto ndibwerenso. Anati msewu wa kwanu ndi mabampu okhaokha, mukatuluka magazi pa phiri paja mufera m'galimoto, ndipo phwando lisanduka maliro. Ndinati ndisaina. Anati saini, koma nsapato zanu zili kwa Meerim.

Loweruka, 11 Okutobala

Magazi 8.8. Chimbudzi sichinabwere. Madzi supuni zingapo.

Kumapiri kwagwa chisanu, ndikuona pazenera. Panopa nkhosa aipha kale. Panopa akazi akuyala nsalu, akuthira timandasi. Kabedi kaja ndinakakonza ndekha mwezi watha, mwendo umodzi unkagwedera.

Ndaimbira Nurgazi, sakuyankha. Ainakan foni wazimitsa, ndikumudziwa. Ndalembera Aizirek uthenga, koyamba chikwatiwire kwathu: Mwana wanga, ukaona kuti zikuchitika, nyamula mwana utuluke naye, mlandu ndi wanga. Sanayankhe. Angatuluke bwanji, m'nyumba modzaza akuluakulu, mwana ali m'manja mwa apongozi ake aakazi?

A Mamirbek akuti: "Khala pansi, ukundizunguza mutu. Tonsefe anatitafunira, tonsefe tinamwa za mu ngalande, si ife tili pano?" Ndinati eya, tili pano, m'chipatala. Anatembenuka n'kufunsa Meerim ngati paipi ija imapweteka kwambiri.

Meerim wandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri. Akuti ndikapitiriza kuyendayenda andimanga ndi lamba.

Loweruka, chakumadzulo

Aizirek waimba. Mawu ake pa foni sindinawazindikire, sindinamumvepo akulankhula mawu opitirira asanu.

"Bambo, ndine mpongozi wanu."

"Nena, mwana wanga. Nena msanga."

Akuti atatha kudya, amayi anamupereka mwana kwa bambo aakulu. Dzina lawo satchula, monga mwa ulemu. Akuti m'nyumba aliyense ankadziwa za Lachinayi, ena atakweza mafoni kujambula. Iye anali pakhomo ndi ketulo. Bambo aakulu anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anamugwira kachibwano ndi chala, kakamwa n'kutseguka.

"Ndiye?"

"Ndiye anati: Anthu inu mwamva kuti mng'ono wanga wasumira pakamwa panga. Milandu yanu ndaweruza zaka zambiri, ndipo sindinalolepo munthu woimbidwa mlandu kuti adziweruze yekha. Lachiwiri ndikupita kwa kamtsikana kakeko, kandimezetse chingwe chakecho. Akandipeza ndilibe kanthu, Turdakun adzandipepesa pamaso pa nonsenu, ataimirira, chipewa chili m'manja. Kufikira tsiku limenelo mwanayu alandire mawu anga polowera mawu."

Akuti anatseka kakamwa kaja ndi chala chomwecho, n'kuwerama, n'kumulankhula m'khutu. Nthawi yaitali, palibe anamva. Mwana anayetsemula, anthu n'kuseka, amayi n'kumugoneka m'kabedi.

Ndinafunsa kawiri. Sanalavule? Ngakhale pang'ono? Anati ayi bambo, ndinali kuyang'ana pakamwa pawo nthawi yonse. Kenako anayamba kulira, ine n'kumuuza kuti apite akathire tiyi, alendo akudikira.

A Mamirbek akuti nkhope yanga yanyowa. Ndi mankhwalawa.

Lamlungu, 12 Okutobala

Magazi 9.5. Mapilisi ayambiranso, sabata ziwiri kuwerenga kuyambira lero. Phala, dzira lofewa. Akuti ndikapanda kukalipira munthu mwina Lachinayi ndituluka, ndipo pakatha mwezi nditamaliza mapilisi ndidzabwere adzaone ngati kachilombo kafa. Dokotala ndamuuza za Lachiwiri. Akuti achimwene mwina safunika paipi, pali njira yoyeza chimbudzi. Ndinati ayi, apatseni paipi, analonjeza pagulu. Wandiyang'ana moipa.

Ndamufunsanso: nanga akapezeka alibe? Akuti zimatheka. Ndiye kuti ndidzaima chipewa m'manja pamaso pa mudzi wonse. Chabwino. Ndidzaima. Koma Ilgiz sadzalavuliridwa, ndi iwo kapena ndi wina aliyense, zimenezo ndidzanenanso nditaimirira pomwepo.

Ainakan wabwera ndi Nurgazi, onse akukayezetsa mawa, Aizirek ndiye wawakakamiza. Ainakan akulankhula nane mbali imodzi ya pakamwa. Watulutsa gawo langa la phwando, Meerim n'kulanda ngati kale. Koma panali kanthu kena kokulunga m'kansalu koyera, komanga mfundo ziwiri.

"Aka akuti ndikupatseni m'manja. Kachokera kwa alamu anga."

"Anati chiyani?"

"Palibe. Mutu wa nkhosa unapita kwa iwo, anadula, ana onse atatambasula manja, iwo n'kukulunga n'kundipatsa ine."

Ndinamasula. Khutu. Lamanzere, lowauka bwino, lozizira.

A Mamirbek aseka mpaka Meerim wabwera kudzaona ulusi wa pabala lawo. Nurgazi anathawira pakhonde. Ine ndinatukwana, ndikuvomera. Munthu wa zaka 61, wa mdzukulu, kutumiziridwa khutu pamaso pa mudzi wonse.

Dokotala atadutsa ndinamuonetsa, n'kufunsa ngati munthu wa chilonda angadye chimenechi. Akuti ayi, n'cholimba, dikirani sabata zingapo. Ndamupempha Meerim andisungire mufiriji ya mankhwala, wakana, ndiye ndaliika m'mbale yamtengo ya achimwene, kunja kwa zenera, pozizira.

Lachiwiri akubwera. Mbale yawo adzaipeza pomwepo. Ndawauza a Mamirbek kuti ndikangotsegula pakamwa andigende ndi silipasi.